Mlomo Wopendekeka wa Atate

Lolemba, 7 Okutobala

Atate abwerera. Ndikunena mutu wawo, fayilo ya 3D imene ndakhala ndikuumba chiyambire mwezi watha. M'mawa laputopu inangozima ndili pakati pokonza khutu, ndipo nditaiyatsanso fayilo inakana kutseguka. Ndinaika manja pamutu, m'shopu ya Aleck momwe ndimachitira ntchitoyi, anthu akupanikizana kufuna fotokope. Kenako ndinakumbukira kuti pulogalamuyi imadzisungira yokha kafayilo kena kuseri. Ndinakapeza. Chasowa ndi khutu limodzi basi. Khutu ndiumbanso, si nkhani.

Aleck ati, "Ba Tryness, mwapuma ngati mwatula thumba la simenti." Ndinamuuza kuti ayang'ane makasitomala ake.

Vuto ndi kutentha. Fani ya laputopu ikulira ngati minibasi ya ku Ndeke itadzaza. Tsopano ndaikhazika pa thireyi ya mazira kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinakhala ku yunivesite mpaka chaka chachitatu, koma chimene chapulumutsa ntchito yanga ndi thireyi ya mazira yotola ku msika wa Chisokone muno m'Kitwe.

Nkhani yonseyi ndinaiputa ndekha. Pa msonkhano wa banja wokamba za chiliza cha Atate, azakhali a Pauline anati pamwala palembedwe dzina, masiku, ndi mtanda, basi. Ine ndinati ayi. Munthu anagwira ntchito moyo wake wonse pansi pa mgodi osaonedwa, asakagonenso pansi pa mwala wopanda nkhope. A Masauso, osema ziliza ku Ndola, ali ndi makina amene amasema nkhope yotukuka pamwala wakuda ukawapatsa fayilo ya 3D. Ndinati fayiloyo ndipanga ine. Azakhali: "Injiniya wathu wa theka, kodi chimenechi chokha uchimaliza?" Palibe anaseka. Bola akanaseka.

A Masauso akufuna fayilo Lolemba likudzali, apo ayi asema dzina ndi mtanda, chifukwa kuvundukula chiliza ndi kumapeto kwa mwezi ndipo abale a ku Katete akonzeka kale ulendo. Koma Amai ayenera kuvomera kaye nkhopeyo. Mwamuna ndi wawo.

Chithunzi chabwino cha Atate chilipo chimodzi chokha, cha m'fulemu. A Jairus, achimwene anga aakulu, anachinyamula maliro atatha n'kukachipachika kwawo ku Ndola. Kubwera nacho akukana, ati galasi lingasweke m'basi. Anangochijambula pafoni n'kunditumizira. Pa zithunzi zinazo Atate ali patali, avala chisoti, nkhope ngati kanjere ka nyemba.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Khutu labwerera, labwino kuposa loyamba.

Masana ndinarenda koyamba, mwala wonse: nkhope pamwamba, dzina pansi pake, kanyale ka mgodi pakona. Kurenda ndiko kumene kumasandutsa dongo lotuwa la pa sikirini kukhala chithunzi chenicheni, cha kuwala ndi mthunzi. Chinatuluka chodzaza timadontho toyera, Atate ngati agwidwa chikuku. Ndinachepetsa kunyezimira kwa mwala, n'kukulitsa nyale imodzi ya m'pulogalamu imene inali yaing'ono koma yowala kwambiri. Ulendo wachiwiri, mbee. Aleck anasiya makina ake n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga, ati m'Chibemba, "Awe mwandi, uyu muntu ali moyo." Ndinamugulira fanta.

Chimene ndimanyadira ndi mlomo. Pulogalamu imafuna nkhope yofanana mbali zonse, ukaumba tsaya limodzi linalo limadziumba lokha. Ine ndinazimitsa zimenezo, chifukwa mlomo wa Atate unkakwera mbali imodzi, ngati munthu amene wamva bodza koma wasankha kusalitsutsa. Chikope chimodzinso chinali cholemera. Zonsezo ndinaziumba ndi dzanja, kutsatira chithunzi cha a Jairus.

Madzulo ndinaika laputopu pathebulo kwa Amai. Anavala magalasi awo a ku tchalitchi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwala ndi wabwino."

"Nanga nkhope, Amai?"

"Ndi munthu wooneka bwino. Koma si Evaristo."

Ndinafunsa kuti chalakwika n'chiyani, mphuno kapena maso. Ati sakudziwa. Ati zonse zilipo koma mwini wake palibe. Kenako anavula magalasi n'kupita kukaanula zovala.

Zonse zilipo koma mwini wake palibe. Batani la zimenezo lili pati?

Lachitatu, 9 Okutobala

Tsiku lonse kusaka chimene sindikuchidziwa. Ndinasintha kamera ya m'pulogalamu, poganiza kuti yayandikira kwambiri ndipo ikukulitsa mphuno. Ndinasuntha nyale kuchoka kumanja kupita kumanzere. Ndinachepetsa masaya, chifukwa Atate anaonda chaka chawo chomaliza, kenako n'kuwabwezera, chifukwa Amai sangafune wodwala pamwala.

Pofuna kuika zinthu m'malo mwake ndinasamutsa foda ya zithunzi za mwala. Kutsegulanso fayilo, chilichonse pinki! Mwala, nkhope, mtanda, pinki wowala ngati diresi ya operekeza mkwati. Ndipo pa anthu onse a m'Kitwe muno, ndani analowa nthawi yomweyo? Azakhali a Pauline, achoka ku tebulo lawo la zitenje kudzapangitsa fotokope ya nyimbo za kwaya.

"Mayo ine! Mlongo wanga wamupaka pinki?"

Ndinawauza kuti pulogalamu ikasowa chithunzi chimene inapatsidwa, imapaka pinki kuti udziwe. Ati, "Ngakhale makina akudziwa kuti chinachake chasowa." Anatembenukira kwa Aleck n'kumufotokozera m'Chibemba, mokweza kuti amve ndi a panja, kuti mwana uyu ali ndi mutu koma alibe mapeto. Ine kuyankha ndinayankha. Ndinati mapeto a munthu sadziwika ali ndi zaka ngati zanga, koma a ena akuoneka kale, ali pa tebulo lomwelo chiyambire ndili kusukulu ya pulaimale. Aleck anagwetsa mapepala.

Sindikanayenera. Koma ndinamva bwino mpaka m'zala za kumapazi.

Pinki anatha msanga. Ndinangolozera pulogalamu kumene foda yapita, mwala n'kubwerera wakuda bii. Mavuto onse akanakhala otere, odzipaka mtundu kuti uwaone.

Azakhali aimbira kale Amai. Ati mlamu, musavutike, mtanda sunakhumudwitsepo munthu.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndawaonetsanso Amai, nkhope zitatu zosiyana pang'ono. Zonse ayi. Kenako anandigwira dzanja, ati, "Ngati watopa, tumiza chomwecho, mwana wanga. Anthu sadzadziwa."

Chifundo. Bola chipongwe cha azakhali.

Ndinatsegula foni, dzina la a Masauso lili apo, fayilo ili apo. Sindinatumize. Sindikufuna inde wa chisoni. Ndinamulandirapo kale, tsiku limene ndinabwera ndi sutikesi kuchokera ku yunivesite.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndaseka lero mpaka Aleck anandipatsa madzi.

A Jairus anabwera ku Kitwe kudzatenga katundu wa shopu imene amagwirako, n'kudutsa kwa Aleck kudzaona "ntchito ya injiniya." Anayang'ana sikirini, ati, "Ndi adadi amenewa, ndendende. Amai akungovuta, ukalamba." A Jairus sayang'ana chinthu kawiri. Anakwatira mkazi atamuona kamodzi pa basi, mwamwayi Hellen anapezeka munthu wabwino.

Ndiye ati aijambule atumizire Hellen. Anatulutsa foni. Koma m'malo moilozetsa monga amachitira anthu onse, anaitembenuza, sikirini ya foni kuyang'ana laputopu yanga, iwo khosi atapinda ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, chala chikufufuza batani.

"Mukutani, ba Jairus?"

"Kujambula."

"Ndi kamera ya selefi?"

"Yakumbuyo inasweka kalekale, inagwa pa njinga. Iyi imagwira bwinobwino."

Ndinawalanda foni. Pachithunzi chimene anangojambula, dzina la pamwala, EVARISTO NJOBVU, linali lobwerera chammbuyo, zilembo zonse zitatembenuka ngati za pagalasi. Foni yawo imasunga selefi monga momwe munthu amadzionera pagalasi: kumanja kumapita kumanzere, kumanzere kumanja.

Ndinafunsa pang'onopang'ono, ngati ndikufunsa mwana amene wameza ndalama yachitsulo. "Chithunzi cha Atate cha m'fulemu chija, munachijambula ndi kamera iti?"

"Ndakuuza kuti ndili ndi imodzi."

Mwezi wathunthu! Ndaumba nkhope yotembenuka, mosamala, kanyama ndi kanyama. Mlomo wa Atate unkakwera kumanzere, mbali ya wotchi yawo. Wanga wa pa sikirini ukukwera kumanja. Chikope cholemera chili mbali ina. Mzere wa tsitsi uli mbali ina. Pachithunzipo panalibe chilembo chilichonse choti chindichenjeze, Atate okha ndi nsalu ya m'situdiyo kumbuyo. Ndikanaumba nkhope yofanana mbali zonse ngati aulesi, palibe chikanaoneka. Luso langa lomwe ndilo linandigwetsa.

Ndinawatukwana a Jairus m'zinenero zitatu. Iwo ati, "Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Munthu ndi yemweyo." Kenako anayamba kuseka, ine n'kuyambanso, Aleck n'kutsatira osadziwa n'komwe chimene tikuseka. Mayi wina amene ankadikira fotokope ya chiphaso anafunsa ngati tapata mwayi wa mpikisano.

Pulogalamu ilibe mlandu. Laputopu ilibe mlandu. Manja angawa alibe mlandu. Ndanena mawu amenewa njira yonse m'minibasi, kondakitala mpaka anandiyang'ana.

Ndawalamula a Jairus kuti akafika ku Ndola, Hellen ajambule fulemu ija ndi foni yake. Chithunzi chafika madzulo. Ndinaika zithunzi ziwirizo pambali ndi pambali. Chatsopanocho chinandiyang'ana, ndipo ndinamva ngati ndafika mochedwa pakhomo, Atate ali pampando wa pakhonde.

Zikanakhala kuti dzulo ndinatumiza. Mwala subwezedwa. Amai akanapita kumanda chaka ndi chaka kukapalira udzu pa mlendo, osadandaula, kuti ine ndisamve chisoni. Azakhali amati kunyada kwanga kudzandipha. Dzulo kwandipulumutsa.

Amai sindinawauze. Ndikufuna aone okha.

Loweruka, 12 Okutobala

Kutembenuza mutu m'pulogalamu ndi kanthu kochepa, umasankha mutu wokha, osakhudza dzina, n'kuuza kuti kumanja kukhale kumanzere. Ndinatero ndikuimba nyimbo. Kurenda, nkhope yakuda bii, yopanda kuwala, maso ngati maenje. Ngati Atate atuluka kumene m'shifiti ya ku mgodi osasamba.

Sindinachite mantha kwambiri, ndatopa nawo mantha sabata ino. Ndinadya chikanda kaye. Ndikutafuna ndinakumbukira: khungu la mutuwu ndi timagawo ting'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse kali ndi kunja ndi mkati. Potembenuza, tonse tayang'ana mkati, ngati malaya ovala chotembenuza. Kuwala kukugunda kumsana kwa khungu. Ndinasankha tonse, n'kulamula kuti tiyang'ane kunja. Fani inalira, thireyi ya mazira inanjenjemera, nkhope inabwera pang'onopang'ono kuyambira pamphumi.

Ndi iwo.

Ndinawonjezera kachipsera ka pachibwano kamene kakuoneka bwino pa chithunzi cha Hellen, ka mwala umene unawagwera ndisanabadwe. Ndinachepetsanso timagawo kuti fayilo isalemere, makina a a Masauso angatsamwe. Ndasunga pa laputopu, pa fulashi, ndi pa imelo ya Aleck. Ati, "Muikenso ina kwa ansembe."

Funso limene landivuta ndi lakuti, ine bwanji sindinaone? Ndi atate anga, ndakula ndikuyang'ana nkhope imeneyo ikundikalipira. Yankho ndalipeza ndikutsuka mano. Mlomo umenewu ndili nawo inenso, aliyense amatero, ndi umene umachititsa anthu kuganiza kuti ndikuwanyoza ngakhale ndili chete. Koma ine ndimauona pagalasi pokha, wotembenuka. Mwezi wonsewu ndimayang'ana sikirini n'kuona mlomo umene ndimauona m'mawa uliwonse, n'kumati eya, ndi wa kwathu uwu.

Ndiye nkhope imene ndinaumba poyamba ija si ya mlendo kwenikweni. Ndi imene Atate ankaiona okha pometa ndevu pa kagalasi kawo kosweka pakona. Sindinaifufute. Ndaisunga m'foda ina.

Lamlungu, 13 Okutobala

Titachoka ku Misa azakhali anatitsatira kunyumba, ati adzamwe tiyi. Tiyi wanji. Anabwera kudzatseka nkhani ya mtanda, mawa lisanafike. Kuyambira Lachitatu sanandilankhule, amangolankhula ndi mpweya umene uli pafupi nane.

Magetsi kunalibe, koma batire ndinadzaza dzulo kwa Aleck. Ndinaika thireyi ya mazira pathebulo, laputopu pamwamba. Azakhali: "Tsopano akuikira mazira?" Ndinameza yankho. Linali labwino kwambiri, ndalisunga.

"Amai, kamodzi kokha. Mukakana, ndiimbira a Masauso ndekha, aseme mtanda."

Anapuma mozama, kupuma kwa munthu amene wakonzeka kunama chifukwa cha mwana wake. Anapukuta magalasi. Ndinatsegula.

Anakokera mpando pafupi. Kenako anagwira nsonga ya chitenje chawo, n'kuinyowetsa ndi lilime, n'kupukuta sikirini pakona ya mlomo, mbali yokwerayo.

"Apa pankatsala thovu la sopo akameta," anatero. "Tsiku lililonse. Munthu wosamva."

Ndinafuna kunena kuti sikirini sainyowetsa. Ndinatseka pakamwa.

Azakhali anaimirira n'kudzayang'ana paphewa la Amai. Anafunsa chimene ndasintha, popeza kwa iwo mphuno ndi yomweyo, maso ndi omwewo. Ndinawafotokozera za kamera ya a Jairus. Ati, "Chitsiru chija. Anatengera amalume ake a ku Chadiza." Kenako maso awo anagwera pa kachipsera ka pachibwano. Anatulutsa kansalu m'chikwama n'kupita panja, ati utsi wa mbaula ya aneba ukuwalowa m'maso. Aneba anapita ku Luanshya Lachisanu.

Amai osachotsa maso pa sikirini: "Tumiza."

Ndatumiza pafoni. A Masauso ayankha kuti yafika ndipo yatseguka, ayamba mawa.

Nditafuna kutseka laputopu Amai anagwira dzanja langa. Afunsa ngati angaone kumbali. Ndinawaonetsa poika chala. Poyamba anamuzunguza Evaristo wawo mpaka anayang'ana kudenga, n'kukuwa, "Mayo, ndamugwetsa!" Tsopano azolowera. Ndikulemba izi ndili pakhonde, iwo ali m'nyumba, thireyi ya mazira pamiyendo, akumutembenuza pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, akumuuza za mtengo wa makala ndi za denga limene analonjeza kukonza. Azakhali abwerera, akhala pambali pawo, akuti mlamu tembenuzaninso ndione khutu.

Batire yafika pofiira. Sindinawauze.